Gulu la ochita lendi ku Manchester: ndani apereke ndalama?

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwati inu ndi anzanu okhala m'nyumba za bungwe lina lochititsa lendi nyumba zotsika mtengo (housing association) ku Manchester mwatopa ndi chikepe chomangowonongeka komanso nkhungu yakuda m'makoma. Mukufuna kuyambitsa gulu, koma ofesala wakuuzani kuti ndalama palibe. Kodi akuphwanya lamulo?

Ndinene mosapita m'mbali: ku England kulibe lamulo lokakamiza mwininyumba kupereka ndalama zakutizakuti kwa gulu ngati lanuli. Koma sangangokubwezani chimanjamanja. Kuyambira pa 1 Epulo 2024, potsatira Social Housing (Regulation) Act ya 2023, eni nyumba zoterezi akuyenera kutsata ndondomeko yotchedwa Transparency, Influence and Accountability Standard. Ndondomekoyi ikuti azithandiza ochita lendi amene akufuna kuyambitsa okha ntchito younika ndi kuikapo maganizo pa mmene nyumba zikuyendetsedwera. Inabwera anthu 72 atafa pamoto wa ku Grenfell Tower, nyumba yosanjikizana ya ku London, mu 2017, kumene okhalamo anachenjeza kambirimbiri koma osamvedwa.

Ndiye musapemphe ndalama pakamwa m'khonde. Itanani msonkhano, musankhe wapampando, mlembi ndi msungichuma, mulembe malamulo a gulu, mutsegulenso akaunti ya kubanki m'dzina la gululo, osainira akhale awiri osakhala pachibale. Kenako lembani kalata yotchula ndondomeko ija ndi zimene mukufuna: chipinda chochitiramo misonkhano, kusindikiza timapepala, maphunziro a komiti, ndalama yoyambira. Funsaninso ngati ali ndi thumba la magulu oterewa, chifukwa ena ali nalo.

Akakana kapena akangoti zii, perekani dandaulo lolembedwa. Ayenera kuvomereza kuti alilandira pasanathe masiku 5 a ntchito, n'kuyankha m'masiku 10 a ntchito otsatira. Mukapanda kukhutira mumalikweza pagawo lachiwiri, lomwe yankho lake ndi masiku 20 a ntchito, kenako kwa Housing Ombudsman, ofesi yoima payokha yomva madandaulo a ochita lendi, kumene simulipira kalikonse.

Maganizo anga ndi oti musadalire mwininyumba yekha. Amene amakulipirirani tiyi wa pamsonkhano ndi wovuta kumudzudzula. Thumba la Awards for All la National Lottery Community Fund limapereka kuyambira mapaundi 300 mpaka 20,000 kwa magulu a m'madera, ndipo limafuna zomwezija, malamulo a gulu ndi akaunti yake. Mamembala azisonkhanso kangachepe, msungichuma azisunga malisiti onse.

Mwatinso ena akuopa kuthamangitsidwa. Kulowa gulu si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu amene mgwirizano wake wa lendi ndi wotetezedwa ndi lamulo, wotchedwa assured tenancy, ndipo mwininyumba sangamutulutse popanda chilolezo cha khoti. Amene akadali m'chaka choyamba cha lendi, choyesedwa, chitetezo chawo ndi chocheperako, amenewo aonetse kaye mapepala awo ku mabungwe opereka uphungu waulere a Citizens Advice kapena Shelter.

Za nkhunguzo musadikire gulu. Kuyambira pa 27 Okutobala 2025 pali Awaab's Law, lamulo lotchedwa dzina la Awaab Ishak, mwana wazaka ziwiri amene anamwalira ndi nkhungu ku Rochdale mu 2020. Mukanena za nkhungu yoopsa, ayenera kufufuza pasanathe masiku 10 a ntchito, ndipo ngozi yadzidzidzi aichitirepo kanthu pasanathe maola 24. Banja lililonse lijambule makoma ake pafoni, lilembe deti, litumize kwa mwininyumba lero lomwe pa imelo kuti pakhale umboni.