Ntchito ikaima ku Joni, tulukani ndi buku

Achimwene, mwati ntchito ya zomangamanga yaima ku Johannesburg, ndalama yobwerera ku Kawale kukadya Khirisimasi palibe, ndipo maganizo akukusautsani m'chipinda. Mwafunsa ngati kuwerenga kungathandize. Kumathandiza ndithu, koma muziwerengera panja.

Makampani ambiri omanga ku South Africa amatseka chapakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndiye muli ndi masabata pafupifupi atatu. Musadikire kuti mtima ufune kaye. Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, monga 8 koloko mpaka 11 m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti miyezi imeneyi mvula ya kumeneko imakonda kugwa masana, ndipo imabwera ndi mphenzi zoopsa. Mukamva kugunda, chokani pansi pa mtengo msanga, lowani m'nyumba. Dzuwa nalonso musalipeputse. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, choncho limawotcha ngakhale kamphepo kakuzizira. Khalani pamthunzi, dzuwa likhale kumsana, chifukwa pepala loyera likamawala maso amawawa ndipo mutu umayamba kupweteka. Pakatha mphindi 20 zilizonse, kwezani maso muyang'ane patali pang'ono.

Ku mapaki a Zoo Lake komanso Emmarentia, mu Johannesburg momwemo, salipiritsa polowa. Khalani pomwe pali mabanja ndi anthu ena, osati kumalo kwa zii. Tengani botolo la madzi, katoni kapena chitenje choyala chifukwa udzu umakhala ndi mame, jumbo yotetezera buku, ndi mapepala anu okhalira m'dzikomo.

Buku lenileni limaposa foni. Padzuwa foni imafuna kuwala kwambiri, batire imatha msanga, imatentha, komanso imaitana akuba. Choipitsitsa n'chakuti uthenga umodzi wa pa WhatsApp wonena za fetereza kapena fizi umakubwezerani ku nkhawa zomwe mwathawa zija. Foniyo izimitseni kulira, muziiona mukamaliza mutu umodzi, kuti ganyu ikapezeka isakudutseni.

Ambiri amalephera chifukwa choyamba ndi buku lalikulu la Chingerezi chovuta, tsiku lachitatu n'kulitaya. Yambani ndi nkhani zifupizifupi, masamba 15 kapena 20 patsiku. Maganizo a ndalama akakubwererani pakati pa tsamba, musalimbane nawo. Alembeni m'kope, mudzawaona madzulo, kenako bwererani pa ndime yomwe munasiyira. Sabata yoyamba imavuta, koma thupi likazolowera kudzuka, kusamba ndi kuyenda kupita pamalo amodzimodzi, mtima umakhala m'malo ndipo tulo timabwera bwino usiku.

Mabuku a Chichewa sapezeka wamba kumeneko. Pemphani abale akugulireni akale kwa ogulitsa m'misewu ya ku Old Town ku Lilongwe, apatsire munthu wodalirika amene akukwera basi ya ku Joni. Mukamaliza, sinthanani ndi Amalawi anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti.