Pulasitala, njerwa zoonekera kapena matabwa?

Funso: Bambo mmisiri, nyumba yathu inagwa mbali imodzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tamanganso ndi njerwa zootcha, malata takhoma, kwatsala makoma akunja. Amuna anga akufuna njerwa zizioneka, mlamu wanga akuti tikhome matabwa kumaso kwa nyumba. Ine mtima uli pa pulasitala koma ndalama n'zochepa. Tichite bwanji?
Mayi wa ana anayi, Chisitu, Mulanje

Yankho: Pepani kwambiri Mayi, ndipo mwalimba mtima kuimikanso nyumbayo. Ine ndili mbali yanu, pakani pulasitala. Koma musayambire kumaso kwa nyumba.

Yambirani khoma loyang'ana kummwera chakummawa. Kumeneko n'kumene chiperoni chimadzera kuchokera ku Mozambique, ndipo inu a ku Mulanje mukuchidziwa: m'miyezi ya Juni ndi Julayi kamvula kamawaza masiku angapo dzuwa osaoneka. Njerwa zoumba pamanja zimamwa madzi amenewa. Nyumba ya malemu bambo anga ku Thyolo tinapaka kumaso kokha kuti odutsa aziona, patapita zaka zochepa khoma lakuseri linamera ndere, njerwa n'kumafumbutuka ukazikanda ndi chala. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa simenti yomweyo ikanateteza mbali yovutayo.

Pulasitala wakunja asakhale womana simenti. Muyezo umodzi wa simenti, miyezo 4 ya mchenga, ndipo muziyeza ndi ndowa imodzimodzi. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wosefa. Thirani pang'ono m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Matope akachuluka pamwamba pa mchengawo utadikha, ubwezeni. Mmisiri anyowetse khoma asanapake, akamaliza muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama, pulasitala n'kung'aluka asanaone ndi mvula yomwe. Penti isakuthamangitseni. Dikirani pafupifupi mwezi khoma liume, ndipo ngati thumba silikulola, laimu amakwanira, kungoti amafuna kubwereza pafupipafupi.

Maganizo a bambo akunyumbawo si olakwika. Njerwa zoonekera zimakhala bwino ngati zinapsa mokwanira, zija zolira ngati chitsulo mukazigundanitsa, ndipo mizere yake yatsekedwa ndi simenti. Asiyireni khoma la pakhonde, pomwe mvula siifika.

Za matabwa, auzeni alamu anuwo kuti ayi. Paini ndi bulugamu zopanda mankhwala ndi ndiwo za chiswe, ndipo chinyezi cha kwanuko chimaziwoletsa msanga. Wina akabwera nawo matabwa a mkungudza usiku, n'kumati sufumbwa, musagule. Mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndi lamulo ndipo m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu.

Chinanso chimene simunafunse: malata anu atuluka bwanji kunja kwa khoma? Ngati sakufika masentimita 60, madzi a padenga azingomenya khoma, pulasitala kaya akhale wabwino chotani. Onjezerani pomwe mungathe. Pansi napo konzani kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kotsetsereka kuti madzi azithawa maziko, ndipo mukumbe ngalande kumtunda kwa nyumbayo mvula ya Novembala isanayambe.