Ma shock ali pa soft koma msana ukupwetekabe, ndigule ena?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe, ndangoidula pang'ono: "Ndili ndi njinga yamoto ya Boxer 150, ndimalemera makilo 96, ndipo Loweruka lililonse ndimakweza mayi akunyumba kupita kumsika ku Mitundu. Msana unayamba kundipweteka ndiye makaniko anandiikira ma shock pa soft, koma ndiye zangonyanya, ndikamenya bampu ndimamva kuti gu! mpaka m'mutu. Ndigule ma shock atsopano?"

Achimwene, ndalamayo ibwezeni kaye m'thumba. Ine ndikukayikira soft yomweyo kuti ndi imene ikukuphani msana.

Tayang'anani pansi pa sipuling'i ya shock yakumbuyo, muona kachitsulo kozungulira kokhala ndi mano ngati masitepe, pa njinga zathu zambirizi amakhala 5. Anthu amaganiza kuti sitepe yoyamba imafewetsa sipuling'i, yomaliza imalimbitsa. Ayi ndithu, sipuling'i ndi yomweyo, siisintha. Chimene masitepewo amasintha ndi kuchuluka kwa mmene njinga imatsikira inu mukakhalapo. Shock ili ndi kamtunda kochepa koyendamo, pa njinga ngati yanuyo ndi masentimita 10 kapena kucheperapo, ndiye munthu wa makilo 96 mukakhala pa sitepe yoyamba, n'kuwonjezerapo mayi kumbuyo ndi kathumba ka mbatata pa kaliyala, kamtunda konse kaja mwadyeratu musanalize n'komwe injini. Mukafika pa bampu shock ilibenso kopita, imangogunda pamapeto, ndipo gu! amene mukumvayo ndi ameneyo. Chimene chikugwira ntchito ya shock pamenepo ndi msana wanu.

Musaganizire, yezani. Bwerekani tepi kwa telala ndipo mupeze anthu awiri okuthandizani. Imikani njinga pa sitandi yapakati tayala lakumbuyo lili m'malere, muyeze kuchokera pa nati ya ekiselo yakumbuyo kukwera molunjika kufika pa malo amodzi pa kaliyala kapena pa fulemu, palembeni ndi choko kuti musapasokoneze. Kenako tsitsani njinga, khalanipo mmene mumakhalira poyenda, mapazi onse pa zopondera, wina agwire njinga kuti isagwe, winayo ayezenso pa malo omwe aja. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukhale pafupifupi masentimita 3, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a kamtunda kaja. Mukapeza masentimita 5 kapena 6, kwezani sitepe imodzi, muyezenso. Mukapeza sentimita 1, mwakweza kwambiri, njinga izingonjanja pa msewu wafumbi ndipo tayala silizigwira pansi bwino. Ine kungoganizira thupi lanulo ndinganene sitepe 3 mukakhala nokha, 4 kapena 5 tsiku la ku Mitundu, koma tepi ndiye inene. Mayi nawo akhalepo muyezenso, sikuti muwafunse makilo awo, nkhani imeneyo sindilowamo ine.

Potembenuza kachitsuloko njinga ikhale pa sitandi, tsukani fumbi, dontheza kaoyilo, mugwiritse sipanala yake ija yopindika ngati chikwakwa, nthawi zambiri imabwera m'kathumba ka zida. Ndimaona anyamata pa siteji akumenya ndi tchizulo ndi hamala, mano aja amabenthuka. Muziyenda sitepe imodzi imodzi, osalumpha kuchoka pa 5 kugwera pa 1. Chachikulu, mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana. Ndinagulapo njinga yakale kwa munthu wina, pa kona imandikokera mbali imodzi, ndinasintha mpaka tayala osadziwa kuti kumanzere kunali pa 2 kumanja pa 5. Ndalama yanga inapita chabe.

Chizindikiro china choti kumbuyo kwatsika kwambiri, usiku nyali imaloza m'mitengo, a magalimoto amangokuthwanimirani, ndipo chiwongolero chimapepuka ngati tayala lakutsogolo silikugunda pansi.

Tsono pali nthawi imene kugula n'koyenera. Mkati mwa sipuling'i muli kachubu ka oyilo, ntchito yake n'kuletsa njinga kudumphadumpha. Kanikizani mpando mwamphamvu n'kuusiya, uyenera kubwerera kamodzi basi n'kukhazikika. Ukamangovina kawiri katatu, kapena mukaona shock yanyowa oyilo fumbi litamatirira, imeneyo yafa, masitepe sangaiukitse. Chimodzimodzi mukafika pa 5 koma njinga ikutsikabe kwambiri, sipuling'i yatopa kapena katundu wapyola muyezo wa m'kabuku ka njingayo. Mugule ziwiri nthawi imodzi, zotalika chimodzimodzi ndi zakalezo, yezani kuchokera pa bowo la pamwamba kufika la pansi musanapite ku shopu.

Kutsogolo njinga zimenezi zilibe potembenuza. Chimene mungachite n'kuona ngati mafoloko, machubu awiri ogwira tayala lakutsogolo aja, akutuluka oyilo, ndiye musinthitse ma seal, timphira totseka oyilo tija, ndi oyiloyo, muyezo wofanana mbali zonse. Ambiri oyilo wa m'mafoloko sanasinthepo chiigulire njinga, akamatuluka amakhala wakuda wonunkha.

Zina ziwiri zosalira ndalama. Mpweya, anyamata opopa aja amakonda kudzaza tayala mpaka lilimbe ngati mwala poti eti lisaphulike pa katundu, pomwe tayala nalonso limathandiza kumeza timiyala. Manambala ake amalembedwa pa kasitika pafupi ndi tcheni kapena m'kabuku, a munthu mmodzi ndi a anthu awiri, pitani pa filling station muyeze ndi geji matayala asanatenthe. Kenako tcheni. Ikakungidwa kwambiri imagwira tayala lakumbuyo kuti lisakwere momasuka, ndiye mukamaliza kusintha masitepe muione, pakati pake izisewera masentimita 2 mpaka 3.

Yesani zimenezi Loweruka likubwerali pa msewu womwewo, mundilembere manambala amene tepi yakupatsani, muli nokha komanso muli ndi mayi. Msanawo ukapitirira kupweteka njinga itakhala bwino, kapena mwendo ukayamba kuchita dzanzi, kumeneko n'kwa adokotala osati kwa makaniko.