Mafirizesi a mitundu itatu a pa 4 Julaye

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangotha miyezi 6 ku Indiana, m'dziko la Amereka. Alemba motere: "Aneba andiitanira ku phwando la pa 4 Julaye, lija la aliyense kubwera ndi kake. Ine akuti ndibweretse zoziziritsa kukhosi za ana. Ndinaona zithunzi za tiayisi tokhala ndi mitundu ya mbendera ya kuno, yofiira, yoyera ndi ya buluu. Nditayesa, mitundu yonse inasakanikirana n'kutuluka chinthu chooneka ngati matope. Ndalakwitsa pati? Nanga zikafika bwanji ku paki zisanasungunuke?"

Achemwali, mtima pansi. Ntchitoyi mukuidziwa kale, kungoti yavala malaya ena. Amene anakulira kwathu amawadziwa mafirizesi a malambe, aja timagula pageti pa sukulu, kuluma pakona pa kapulasitiki n'kumayamwa mpaka kutsala ayisi woyera wopanda kukoma. Izi n'zomwezo, kusiyana kwake n'kwakuti zimakhala pa kamtengo. Chimene chimatisokoneza ife ndi mwezi. Kumudzi Julaye ndi wa chisanu, wa chiperoni ndi majuzi, palibe amaganiza za ayisi. Kuno ndi pakati pa chilimwe, kutentha kumafika madigiri 30, ndipo tsiku limene Amereka amakumbukira chikalata cha ufulu cha mu 1776 limathera panja, pa kapinga, nyama ili pamoto.

Matope anuwo achokera ku changu. Munathira mtundu wachiwiri woyamba usanagwire, kapena munathira chosakaniza chofunda pamwamba pa chimene chinagwira kale n'kuchisungunula. Palibenso chinsinsi china choposa apa: mtundu uliwonse umafuna nthawi yake mufiriza, ndipo zonse zimene mukuthira zizikhala zozizira kuchokera mufiriji.

Musavutike n'kugula zikombole. Timakapu tapepala ting'onoting'ono ta ma ounce 3, pafupifupi mamililita 90, timakwanira, pamodzi ndi timitengo tathabwa timene amagulitsa ndi zinthu za ntchito zamanja. Pa timakapu 12, mtundu uliwonse ukhale wokwana kapu yoyezera imodzi ndi theka. Ikani timakapu tonse pathireyi kuti muzingonyamula kamodzi.

Yambani ndi wofiira, chifukwa chimene mwathira koyamba ndicho chimakhala pamwamba mukadzang'amba kapu. Gayani masitiroberi okwana magalamu 400 ndi masupuni atatu a shuga, mufinyiremo ndimu pang'ono. Mukalawa, zizitsekemera kuposa mmene mungamwere, chifukwa lilime likazizira silimva shuga bwino. Shugayo ali ndi ntchito inanso: amalepheretsa madzi kuundana ngati mwala. Mukamuumira, ana azikukuta n'kumalira mano. Mukamuchulutsanso, firizesi sagwira, amangokhala phala. Thirani ndi kajagi kapena supuni, molunjika pakati, kuti madontho asayenderere m'mbali mwa kapu n'kudetsa malo a woyera.

Ikani mufiriza kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi. Musadalire wotchi yokha, mafiriza amasiyana mphamvu. Gwirani ndi chala choyera: pamwamba pazikhala polimba, chala chisalowe, koma mukadinikiza pazimveka kuti m'kati simunaume. Nthawi yobaya kamtengo ndi imeneyo, ndipo kamaima kokha. Musasiyenso usiku wonse mtundu wachiwiri musanathire, chifukwa zikauma gwa, mitunduyo sigwirana, mwana akangoluma mutu wofiira umathothoka n'kugwera pa malaya.

Woyera ndiye wosavuta. Tengani yogati wa Greek wamafuta ake onse, shuga masupuni awiri kapena atatu, vanila pang'ono, ndi mkaka wongokwanira kuti athirike. Wopanda mafuta uja amaundana mwamchengamchenga, musiyeni pashelefu.

Tsopano buluu. Apa ndi pamene ambiri timakhumudwira, nanenso ndinagwa nazo chaka changa choyamba. Ndinagula mabuluberi ndi chikhulupiriro chonse kuti dzina silinama, n'kuwagaya, n'kutuluka mtundu wapepo wakuda ngati wa nthudza. Buluuyo ali pakhungu pokha, ukagaya kapena kuphika amathawa. Ndinapita nawo choncho ku phwando, ndipo mwana wina anandifunsa, mwaulemu ndithu, kuti imeneyi ndi mbendera ya dziko liti.

Dziwani kuti ngakhale Bomb Pop, ayisi wa m'sitolo amene anthu onsewa akutsanzira, amene anayamba kupangidwa ku Kansas City mu 1955, buluu wake ndi wa kala yothira m'zakudya. Pamwamba pake ndi cherry, pakati ndi lime, pansi ndi chimene amati blue raspberry, chipatso chimene simudzachipeza m'munda chili ndi mtundu umenewo. Ndiye njira zilipo ziwiri. Mukhoza kuvomera wapepoyo, amene kukoma kwake ndi kwa chipatso chenicheni: wiritsani mabuluberi ndi shuga ndi madzi pang'ono kwa mphindi zisanu, muziziritse bwinobwino, mugaye. Kapena patulani yogati wina, mudontheze kala ya buluu pang'onopang'ono, n'kuponyamo mabuluberi odula pakati. Ine pa 4 Julaye ndimasankha yachiwiriyi, popeza tsikulo anthu amadya ndi maso. Ena amaviika maluwa ouma a butterfly pea m'madzi otentha, ndipo amatulutsadi buluu wokongola, koma akangokumana ndi ndimu amasanduka wapepo pomwepo, ngakhale yogati wowawasa amamusintha. Mukathira womalizawu, zisiyeni maola osachepera 6. Chabwino koposa n'kupanga kutatsala masiku awiri, kuti tsikulo mungonyamula.

Za akuluakulu simunafunse, koma ndikuuzani mwachidule poti adzayang'ana m'manja mwa ana mwanjiru. Menyani makapu awiri a heavy cream (kirimu wa mkaka wamafuta ambiri) wozizira mpaka ataima, musakanize mofatsa ndi chitini chimodzi cha kondensi cha magalamu 397 ndi vanila. Thirani m'chitini chophikira buledi, mukusinthanitsa ndi timasupuni ta sitiroberi ndi buluberi zija zatsala, mudutsitse mpeni kamodzi kapena kawiri basi, n'kuika mufiriza mpaka agwire. Ndi ayisikilimu ameneyo, popanda makina.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu amene apanga zonse bwino. Firiza ya panyumba imakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, pamene ayisi wamba akayamba kusungunuka amakhala pa ziro, kutanthauza kuti kwa mafirizesi anu a shugawo ndi wofunda. Ayisi yekha amasunga zakumwa, osati izi. Muwazeni mchere wambiri, pafupifupi kapu imodzi pa makapu atatu kapena anayi a ayisi, ndipo kuzizira kumatsika kufika pafupi ndi kwa firiza. N'chimodzimodzi ndi mmene ankapangira ayisikilimu firiji isanabwere, m'masiku a Thomas Jefferson, amene analemba chikalata cha ufulu chija, ndipo pepala limene analembapo ndi dzanja lake kapangidwe ka ayisikilimu wa vanila likusungidwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la Amereka. Mafirizesi akhale m'timakapu tawo, m'jumbo yotseka bwino kawiri, kuti madzi a mchere asawapeze.

Cooler box muigoneke ndi ayisi usiku kuti izizire, m'mawa mutaye n'kuika watsopano. Ikhale yawoyawo, isasakanikirane ndi ya zakumwa imene ana amatsegula mphindi iliyonse. Mipata yotsala mutsekemo thaulo. M'galimoto ikhale kumpando, osati kubuti, ndipo ku paki ikhale pamthunzi. Masitolo ena amagulitsa dry ice, mpweya wa carbon dioxide woundana ngati ayisi, amene amazizira mpaka madigiri 78 pansi pa ziro. Ameneyu amasunga tsiku lonse, koma sagwiridwa ndi manja opanda magolovesi, satsekeredwa m'chinthu chosatulutsa mpweya, ndipo windo la galimoto lizikhala lotsegula pang'ono.

Musadikire makombola. M'madera ambiri a kumpoto kwa Indiana dzuwa la Julaye limalowa 9 koloko itadutsa, makombola n'kuyamba mdima utagwa, pamenepo ana atatopa ndipo cooler box yatha mphamvu. Gawani anthu akangomaliza nyama, dzuwa likadali pamutu. Ng'ambani kapu kuyambira pamlomo, ikavuta muifumbate m'manja masekondi ochepa.

Timakapu mugule tambiri, chifukwa pakangopita masiku awiri ndi pa 6 Julaye, tsiku lathu la ufulu wa mu 1964, ndipo ku Indiana, makamaka ku South Bend, Amalawi alipo ambiri ndithu. Njira ndi yomweyi, mitundu yokha ndiyo imasintha. Wakuda ndimapangira mabulakiberi, ngakhale kunena zoona amangoyandikira, wofiira ndi sitiroberi yemweyo kapena madzi a chidede ngati mwapeza wouma m'sitolo ya zakudya za ku Mexico, kumene amamutcha jamaica. Wobiriwira ndi kiwi. Koma kiwi wamuwisi musamusakanize ndi yogati kapena mkaka, amaugawa n'kuusandutsa wowawa. Mugaye yekha ndi shuga, mongokwanira kuti njere zake zakuda zisaphwanyike. Poti wakuda ndi amene ali pamwamba pa mbendera, ameneyo ndiye mumayamba kuthira.