Lipiritsani, koma ndalama ya pakhomo isakhale msana wa msonkhano

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kulipiritsa anthu pa msonkhano wa tsiku limodzi womwe gulu lanu la okonda zamakompyuta likukonza ku Lilongwe, poti ena akuti zinthu za gulu ziyenera kukhala zaulere. Ine ndikuti lipiritsani, koma kangachepe, ndipo musayembekeze kuti kandalama kameneko kalipira zonse.

Okonda ulere amathamangira kutchula FOSDEM, msonkhano waukulu wa opanga mapulogalamu a kompyuta wa ku Brussels. N'zoona, kumeneko anthu masauzande amasonkhana chaka ndi chaka osalipira kanthu, ngakhale kulembetsa dzina salembetsa. Koma taonani bwinobwino. Amachitira m'zipinda za yunivesite ya ULB, makampani amathandiza ndi ndalama, ena amapereka mwa kufuna kwawo, ndipo chakudya aliyense amadzigulira yekha. Kwathu kuno mukangolengeza msonkhano, funso loyamba limakhala la nkhomaliro. Holo ndi yolipira, jenereta imafuna mafuta chifukwa magetsi amatha kuthima wolankhula ali pakati pa mfundo, intaneti nayo ndi ndalama. Msonkhano waulere kulibe. Pali wina amene akulipira, ndipo nthawi zambiri amakhala okonza awiri kapena atatu omwe amapisa m'matumba mwawo mwakachetechete, chaka chamawa n'kukana kukonzanso.

Chomwe chidzakuvuteni kwambiri si umphawi ayi, ndi chizolowezi. Maworkshop a mabungwe ndi a boma ku Mangochi ndi ku Salima anatiphunzitsa kuti munthu akapita ku msonkhano amasaina pepala, kulandira alawansi ndi ya thiransipoti, n'kubwerera kunyumba thumba litatupa. Tsono inu mukubwera ndi nkhani yoti iyeyo ndiye alipire! Ena adzakunenani kuti mwayamba bizinesi. Asiyeni anene. Wobwera chifukwa cha alawansi sindiye amene mukumufuna, ndipo mtengo wa pakhomo umamusefa msanga. Umakuthandizaninso kudziwa nambala yeniyeni. Kulembetsa kwaulere pa Google Form aliyense amalembetsa, mayi wophika n'kumuuza mbale zambirimbiri, tsikulo mipando ili mbee, mpunga n'kutsala m'mapoto. Koma amene watumiza ndalama yake pa Airtel Money kapena Mpamba sabata imodzi tsikulo lisanafike, ngakhale kugwe mvula amabwera.

Chitsanzo choyenera kutengera ndi cha misonkhano ya WordCamp ya anthu a WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti. Tikiti imaikidwa dala pa mtengo wotsika kwambiri, zotsalazo amalipira makampani othandiza. Inunso ikani mtengo wongokwana chakudya ndi madzi a munthu mmodzi. Za holo, zokuzira mawu ndi intaneti kagogodeni ku mabanki, ku makampani a mafoni ndi kwa omwe amasaka antchito odziwa kompyuta. Muikenso tikiti ina yokwererapo ya omwe akulipiriridwa ndi ofesi yawo, imeneyo ndiyo idzanyamule ana asukulu.

Pa ana asukuluwo ndiimepo pang'ono. Wophunzira wochokera ku Bunda watha kale ndalama pa minibasi asanafike n'komwe pakhomo panu. PyCon ya ku America, msonkhano wa olemba mapulogalamu a kompyuta pogwiritsa ntchito Python, imalipiritsa ndalama zambiri, koma ili ndi thumba lothandizira osowa, ndipo munthu amapempha polemba fomu. Chitani chimodzimodzi: afunse kumbali, mumupatse tikiti yofanana ndi ya wina aliyense, osati kumuitana mayina pagulu ngati wolandira chithandizo. Olankhula ndi othandiza kukonza malo musawalipiritse, ntchito yawo yakwana.

Chomwe chimapha magulu athu ndi kukayikirana pa ndalama. Musanatolere ngakhale tambala, ikani bajeti yonse poyera pa gulu lanu: holo zakuti, chakudya zakuti. Ndalama zisamalowe pa nambala ya munthu mmodzi yemwe palibe womuona, pakhale awiri kapena atatu oona bukulo. Nenaninso poyera ngati wolephera kubwera adzabwezeredwa kapena ayi. Ndipo chikakwanira chikole cha holo ndi cha wophika, kalipireni tsiku lomwelo. Mukukumbukira mmene mitengo inadumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Kotesheni ya mwezi uno musaidalire mwezi wamawa. Msonkhano ukatha, jambulani malisiti onse muwaike pa gulu lanu pamodzi ndi chotsala, ngakhale chitakhala K2,000 yokha.