Utsi wa nkhuni muli chani kwenikweni

Achimwene mwafunsa kuti mu utsi wa nkhuni muli chani poti umawawa m'maso chonchi, komanso eti poti nkhuni ndi zachilengedwe ndiye utsi wake ulibe vuto. Pachiwiripo ndiye ndikukanirani.

Nkhuni itati ipse yonse bwinobwino, bwenzi kukungotuluka nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, phulusa n'kutsala pansi basi. Koma moto sufika pamenepo, mpweya umachepa kapena nkhuni ndi zaziwisi ndiye zinthu zimathawa zisanapse zonse, utsi ndi umenewo. Tayang'anani kumapeto kwa chikuni chachiwisi chikamayaka, kumatuluka thovu uku chikulira tsiii, amenewo ndi madzi, chikuni chongodula kumene nthawi zina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha, moto umangothera mphamvu kuchiumitsa utsi uli tolotolo.

Mtengo umapangidwa ndi zinthu zitatu makamaka, mbali yaikulu ndi chimene amati cellulose, kwinako hemicellulose ndi lignin. Zimenezi zikamaphwanyika ndi kutentha ndi pomwe makemikolo amatuluka mbwee. Amene amakukhetsani misozi ndi mamina aja ndi formaldehyde ndi acrolein, mulinso asidi yemwe uja wa mu viniga. Kafungo kaja kokanirira pa malaya kamachokera ku lignin, makemikolo ake amati guaiacol ndi syringol, ine kamandisangalatsa ndisaname.

Koma zimene zimandiopsa ine sizimawawa m'maso ayi. Muli tizidutswa ta mwaye ndi phula timene amati PM2.5, tating'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi nthawi 20 ndi kupitirira, mphuno singatitchinge, timakafika pansi penipeni pa mapapo. Muli benzene ndi benzo[a]pyrene, onsewa amadziwika kuti amayambitsa khansa ndipo mu utsi wa fodya alimonso, fodyayo si chomeranso kodi?

Ndiye pali mpweya wapoizoni wa carbon monoxide. Ameneyu alibe fungo alibe mtundu, koma akalowa m'magazi amamatirira pa hemoglobin, chinthu chonyamula okosijeni m'magazimo, mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, ndiye magazi amayenda ndithu koma osanyamula mpweya wokwanira, munthu amayamba mutu, chizungulire, kufooka n'kumaona ngati ndi kutopa chabe, kugona komweko osadzukanso. Ndipo samadikira utsi wooneka ayi, makala ofiira psuu amene atha kale kufuka amamutulutsabe, ndiye moto ngati umenewo m'chipinda chotseka mawindo usiku musayerekeze, olo kuzizire bwanji.