Nkhokwe ya chimanga ya ku Cape Town idasanduka bwanji nyumba ya zaluso?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Zeitz MOCAA, nyumba ya zaluso ya ku V&A Waterfront padoko la Cape Town, inali nkhokwe ya chimanga, komanso kuti adaigoba bwanji mkati osagwa. N'zoona ndithu.

Nkhokweyi idamalizidwa mu 1924, ndipo ndi mamita ake 57 idakhala zaka zambiri ili nyumba yaitali kuposa zonse kum'mwera kwa Sahara. Chimanga chinkabwera pa sitima yapamtunda, n'kuchiyeza, kuchisankha ndi kuchisunga podikira sitima zapamadzi. Makontena atafala ntchito idazilala, mpaka adaitseka mu 2001.

Chovuta chinali chakuti mkatimo munalibe holo kapena chipinda chachikulu. Munangoti tho migolo 42 ya konkire yoima chilili, uliwonse wautali mamita pafupifupi 33, mulifupi mamita 5 ndi theka. Amene adaonako nkhokwe za ku Kanengo akudziwa kale chimene ndikunena. Gulu la Thomas Heatherwick, katswiri wojambula mapulani a nyumba, lidatenga njere imodzi ya chimanga, n'kukulitsa maonekedwe ake pakompyuta kufika mamita 27, ndiye n'kugoba mphako ya maonekedwe amenewo pakati pa migoloyo.

Apa mpamene pagona yankho lanu. Khoma la mgolo uliwonse linali la mamilimita 170 okha, ndipo migoloyo inkaima chifukwa chotsamirana. Mukangodula umodzi, woyandikana nawo wataya pogwira, katundu wapamwamba n'kuukhotetsa. Choncho sadayambe n'kudula ayi. Adayamba athira konkire watsopano wa zitsulo mkati, wochindikala mamilimita pafupifupi 250, kumata mkati mwa migolo yodzadulidwayo, atamuumbiratu m'mphepete motsata njere ija. Atauma, ndiye adadula konkire wakale motsatira wa tsopanoyo ndi makina a dayamondi. Ntchito yake yodya nthawi, chifukwa konkire wa zaka 90 amakhala ataumiratu gwa. Podulapo adapukuta mpaka kusalala, moti mukayandikira mumaona mizere iwiri: wakale wa miyala ikuluikulu, ndi watsopano pambali pake. Kwa ine malo amenewa ndiye okongola kuposa zina zonse m'nyumbamo.

Pamwamba pa migolo yodulidwayo adavindikira ndi magalasi kuti kuwala kuzitsika, ndipo m'migolo ina adaikamo malifiti ndi masitepe ozungulira. Migolo yambiri yotsala adaigumula mkati, n'kumangamo zipinda zatsopano pafupifupi 80. Zojambula sizifuna chinyontho kapena kutentha kosinthasintha, ndipo khoma lakale la m'mbali mwa nyanja silingazitchinjirize lokha.

Adatsegula mu September 2017, ntchito itadya ndalama pafupifupi marandi 500 miliyoni. Dzinalo ndi la Jochen Zeitz, mkulu wakale wa kampani ya zovala zamasewera ya Puma, amene adabwereketsa zojambula zake. Mbali yapamwamba ya nsanja ya nkhokweyi, ya mawindo otukumuka ngati mapilo, ndi hotela. Musalowe khomo lakelo poganiza kuti n'la kokaona zojambula.